Mwana akufuna uinjiniya, koma uinjiniya wake uti?

Mayi a Chisomo, Chinamwali: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndabwera ndi nkhani ya pakhomo panga. Mwana wanga Chisomo wakhoza bwino MSCE, tikuthokoza Mulungu, ndipo pano tili pa fomu ya NCHE yosankhira makosi a ku yunivesite. Iye akuti akufuna uinjiniya. Ine ndinkangoti uinjiniya ndi umodzi, koma titatsegula chikalata chija tapeza mayina ambirimbiri mpaka mutu wanga wazungulira. Bambo ake akuti civil basi. Mwanayo wangoti zii. Ndikudziwa kuti muno muli anthu a ntchitoyi, chonde tithandizeni. Foniyi ndimupatsa kuti azidziyankhira yekha.

Bambo a Madalitso, Matawale: Mwagwira ntchito mayi, kulera mwana mpaka kufika pamenepa si masewera. Koma apa palibe chovuta, bambo akewo anena zoona. Taonani msewu wa Blantyre kudzafika kuno, taonani wa ku Jali wopita ku Phalombe, taonani nyumba zimene zikuphuka kuno ku Matawale. Dziko lathu likumangidwabe. Wa civil sagona ndi njala. Alembe civil, nkhani yatha.

Yamikani: Ankolo, ine ndine wa civil ndipo ntchito yanga ndimaikonda kwambiri, koma sindingauze mwana kuti alembe civil chifukwa choti sadzagona ndi njala. Ndinaphunzira ku Poly, imene pano ndi MUBAS kuchokera pamene inapatukana ndi UNIMA mu 2021. Kosiyi ndi ya zaka 5, ndipo mkati mwake muli njira zitatu: zomangamanga monga nyumba ndi milatho, za misewu, komanso za madzi. Ine ndinatsata za misewu.

Chisomo mchemwali wanga, tsiku langa limayenda chonchi. Dzuwa lisanatuluke ndili kale pa site. Fumbi, dzuwa, nsapato zolemera. Tikathira konkire timatapako pang'ono m'tizikombole, n'kukaiphwanya ndi makina ku labu pakatha masiku 7, kenako masiku 28, kuti tione ngati yalimba mmene tinawerengera. Ikalephera, ndiwe amene ukauze kontilakita kuti agumule zimene wamanga ndi ndalama zake. Akukalipira, nthawi zina akunyengerera, koma suyenera kugwedezeka, chifukwa pamlatho umenewo padzadutsa minibasi yodzaza anthu. Umakhala miyezi kumsasa kutali ndi kwanu. Ndalama za pulojekiti zikachedwa, ntchito imaima ndipo nawenso umakhala pakhomo. Zimenezi anthu akaona galimoto ya kampani saziona.

Koma namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, ndinapita kukaona kalavati ina imene tinamanga kumudzi wina. Madzi anakokolola minda mbali zonse, koma iyo inali chiimire, amayi akuwolokapo ndi ana kumsana. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ngati chinthu chotere chingakusangalatse kuposa mmene fumbi lingakutopetsere, bwera ku civil.

Bambo a Madalitso: Ndiye mwagwirizana nane tu achimwene.

Yamikani: Pang'ono chabe ankolo. Ndati abwere ngati mtima wake uli kumeneko. Mwanayo sitinamumve.

Tiyamike: Zoonadi, tayamba kugawana nyama mwini mbuzi asanalankhule. Chisomo mng'ono wanga, ine ndine mkazi mnzako, ndinaphunzira za magetsi. Usatiuze kaye dzina la kosi. Tiuze izi: pakhomo pakaonongeka chinthu, ndi chiti chimene umachithamangira usanatumidwe? Nanga ukamayenda m'tauni muno, ndi chiyani chimene umachiyang'ana mpaka kudzifunsa kuti chimagwira bwanji ntchito?

Chisomo: Zikomo achemwali, zikomonso makolo nonse. Ine ndimakonda kumasula zinthu zamagetsi. Nyale ya sola ya agogo itasiya kuyaka ndinaitsegula, ndinapeza kawaya kothothoka pa batire, ndinakapempha kachitsulo kowotcherera kwa oyandikana nawo n'kulumikiza. Ikuyakabe mpaka lero. Wailesi ya adadi ndinailephera, ndinangoibwezera mmene inalili. Koma chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi ichi. Mlongo wanga wamng'ono atadwala chibayo tinagona naye kuchipatala china masiku angapo. Panali makina opereka mpweya, ana awiri akugawana amodzi, pamene ena atatu anali pakona ataphimbidwa ndi nsalu. Ndinafunsa anesi, anati anaonongeka ndipo akudikira wokonza. Usiku wonse ndinkangowayang'ana makinawo, ndikufunitsitsa nditawatsegula. Sindinauzepo munthu zimenezi, ngakhale amayi.

Mayi a Chisomo: Ine ndi amene ndikumva lero. Mwana ameneyu!

Thoko: Chisomo, wandigwetsa misozi. Chimene wafotokozacho chili ndi dzina, ndi biomedical engineering, ndipo ndi ntchito imene ndimagwira. Imaphunzitsidwa ku MUBAS ku Blantyre komanso ku MUST ku Thyolo. Makina amene unawaonawo amakoka mpweya wamba womwe timapumawu, umene okosijeni wake ndi magawo 21 pa 100 alionse, n'kuudutsitsa m'timabotolo tokhala ndi timiyala totchedwa zeolite. Timiyalato timagwira nayitirojeni, okosijeni n'kupita kwa wodwala. Nthawi zambiri chimene chimawapha si chinthu chachikulu ayi: fumbi latseka sefa, chinyezi chalowa mu zeolite, kapena magetsi abwera mwamphamvu n'kuwotcha kabodi ka mkati. Makina ambiri amapangidwira zipatala za kunja zopanda fumbi, zamagetsi osathimathima. Akafika kuno amavutika.

N'chifukwa chake ndimanyadira makina a Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma. Anapangidwa ndi a Rice University ya ku America mogwirizana ndi madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, poganizira zipatala ngati zathuzi, ndipo anafalikira m'zipatala za boma m'dziko muno. Ntchito imeneyi ikufuna anthu a mtima ngati wakowo.

Koma ndikuuzenso mbali inayo. Udzagwira ntchito pakati pa odwala, fungo la m'wodi, kulira kwa amayi. Udzadziwa chimene chaonongeka koma chipangizo cholowetsapo kulibe m'dziko muno, uyenera kudikira miyezi. Tsiku lina ndinachotsa ziwalo m'makina awiri akufa kuti amodzi adzuke. Anadzuka, koma ndinabwerera kunyumba mtima uli wolemera poganizira awiri aja.

Tiyamike: Thoko wanena bwino, koma pano ndisiyana naye pang'ono, ndipo Chisomo umve mbali zonse. Ine ndikanakhala iwe ndikanaika electrical and electronics patsogolo, biomedical pambuyo. Chifukwa changa n'chakuti wa zamagetsi akhoza kukalowa ntchito ya makina a chipatala ataphunzirako pang'ono, koma akhozanso kupita ku ESCOM, ku EGENCO, ku makampani a mafoni, ku fakitale, ku sola. Khomo lake ndi lotambalala. Wa biomedical amadalira kwambiri zipatala ndi mabungwe a zaumoyo, ndipo iwo akapanda kulemba anthu chaka chimenecho, zimavuta.

Thoko: Achemwali, zimenezo ndimazimva kawirikawiri, koma si zoona kwathunthu. Ife timaphunziranso za thupi la munthu, mmene mapapo ndi mtima zimagwirira ntchito. Wa zamagetsi akhoza kudzutsa makina, koma kudziwa ngati mpweya umene akutulutsa ndi woyenera khanda la kilogalamu imodzi ndi theka ndi nkhani ina. Ndipo anzanga ena a biomedical ali ku makampani ogulitsa ndi kukonza zipangizo, ena akuika sola m'zipatala za kumidzi. Sitinatsekeredwe m'chipinda chimodzi.

Tiyamike: Ndavomera za thupi la munthuzo. Koma za kuchepa kwa malo a ntchito sindisintha maganizo. Mwanayu adziwe asanalembe.

Thoko: Adziwe ndithu. Pamenepo sitikutsutsana.

Aphunzitsi Banda, Sadzi: Ndakhala ndikuwerenga mwachifatse. Ine ndinaphunzitsa masamu ndi sayansi ku sekondale mpaka kupuma, ndipo ana anga ambiri anadutsa njira imeneyi. Chisomo mwanawe, funso langa ndi limodzi: masamu umawakonda, kapena umangowakhoza? Pali kusiyana. Mwana wina amakhoza chifukwa choloweza njira, koma akakumana ndi funso lachilendo amataya cholembera. Wina amakhala nalo funsolo mpaka nsima kuzizira. Uinjiniya uliwonse umene watchulidwa panowu, zaka zoyambirira ndi masamu ndi physics zokhazokha, calculus tsiku ndi tsiku. Ndipo zamagetsi zimene akukuitanira achemwali akowa ndi zina mwa zodzaza masamu kwambiri, chifukwa magetsi saoneka ndi maso. Wa civil amaugwira mlatho ndi manja. Iwe udzawerengera chinthu chimene sudzachiona, udzangoona zotsatira zake.

Kukonda kumasula wailesi ndi chiyambi chabwino, koma pakokha sikukwanira.

Chisomo: Aphunzitsi, masamu ndimawakonda, makamaka algebra ndi ma graph. Funso likandikanika ndimagona nalo, m'mawa ndimayambiranso. Chimene chinkandivuta ndi Chemistry, ndinakhoza koma movutikira. Kujambula ndi rula ndi kampasi nakonso sindikukonda kwenikweni.

Aphunzitsi Banda: Wayankha mosabisa, ndakondwa. Ndiye mayi a Chisomo, mvetserani apa. Werengani bwinobwino zofunika pa kosi iliyonse m'chikalata cha NCHE cha chaka chino, musadalire za chaka chatha kapena zomva kwa anthu. Makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi ndi khomo lolowera chabe. Makosi a uinjiniya amayang'ana kwambiri magiredi a masamu, Physics ndi Chemistry, ndipo opikisana nawo ndi ambiri. Musadzaze mipata yonse ndi makosi olimbiranawo, siyani mpata wa kosi ina imene mwanayo angaikondebe atapanda kutengedwa ku zoyambazo. Ndipo musalembe kosi ndi maganizo oti akasintha akakafika. Kusintha si chinthu chapafupi.

Dalitso: Pamenepo aphunzitsi mwandikhudza. Sindimakonda kuikamba nkhaniyi koma mwina ithandiza. Ine kuyambira ndili mwana ndinkakonda injini. Tchuthi chilichonse ndinkakhala pa galaja ya amalume, manja ali bii ndi oyilo. Pa fomu ndinkafuna mechanical. Kunyumba anati umakaniko si ntchito yopitira ku yunivesite, ndilembe civil. Ndinamvera. Ndinatengedwa ku sukulu ina ya ukachenjede, mudzi wonse unasangalala. Chaka choyamba ndinadutsa. Chachiwiri tinalowa za dothi ndi za kuyeza malo, mtima wanga sunalipo n'komwe. Ndinkakhala m'kalasi ngati mlendo pamaliro a munthu wosamudziwa. Ndinalemba masapu, mayeso obwereza a olephera, kenako ndinawidedwa, ndiko kuti anandichotsa sukulu. Kubwerera kunyumba ndi chikwama, anthu amene anakuperekeza ndi nyimbo akukuyang'ana, ululu wake sindingaufotokoze.

Ndinakhala chaka osafuna kuonana ndi anthu. Pambuyo pake ndinayambiranso ndi dipuloma ya mechanical, ndipo kumeneko mabuku ankalowa okha. Pano ndimayang'anira makina pa fakitale ina ya tiyi. Ma boiler, malamba, ma bearing, mapampu. Makina akangosintha kulira ndimadziwa kuti pena pavuta ndisanawatsegule. Makolo anga sankandifunira zoipa, ankandifunira zabwino mmene iwo ankazionera. Koma zaka zitatu zinapita, ndi ndalama zimene amayi anagulitsira mbuzi zawo.

Bambo a Madalitso: Pepani achimwene, sindinkadziwa. Komabe tisaiwale kuti makolo ndi amene amalipira. Ngongole ya Loans Board si onse amaipeza, ndipo oipezawo adzabweza. Mwana akamaliza n'kukhala pakhomo zaka zinayi ndi digiri yake yokondedwayo, amene amavutika ndi makolo omwewo. Chikondi sichigula ufa.

Dalitso: N'zoona ankolo, sichigula. Koma digiri yosamaliza nayonso sigula ufa.

Bambo a Wongani, Thondwe: Pepani ndilowerereko, nanenso ndili ndi mnyamata wa Fomu 4 chaka chino. Iye wamva pa wailesi kuti tsogolo la Malawi ndi migodi, ndiye akuti mining engineering. Kodi pamenepa pali nzeru?

Limbani: Bambo, ine ndine wophunzira ku MUST, ndikuchita chemical engineering, koma anzanga ena ali ku metallurgy, za kuyenga miyala ndi zitsulo. Mining ndi geological engineering zili ku MUBAS. Miyala ilipodi: Kangankunde ku Balaka ndi Songwe Hill ku Phalombe kuli ma rare earth, Kasiya ku Lilongwe kuli rutile, Kayelekera ku Karonga kuli uranium. Koma mnyamatayo adziwe mbiri ya Kayelekera. Mgodi unatsegulidwa mu 2009, mu 2014 unaima chifukwa mtengo wa uranium unagwa pa msika wa dziko lonse lapansi, ndipo unakhala zaka zambiri osakumba. Mwana amene analowa sukulu mgodi uli pachimake anatuluka utatsekedwa. Ntchito ya migodi imayendera mitengo ya kunja imene ife sitiilamulira.

Sindikuti asalembe. Ngati amakonda miyala, mapu, kukhala kutchire, alembe. Ndipo ali ndi mwayi, likulu la Geological Survey lili mu Zomba momwe muno. Apite akapemphe kuona miyala ndi kucheza ndi akatswiri a kumeneko.

Aphunzitsi Banda: Ndiwonjezere, ife akale tikukumbukira Changalume kuno kwathu konkuno, mmene kunkakumbidwa miyala ya laimu yopangira simenti. Kunali moyo, kunali anthu. Pitani lero mukaone. Mgodi uli ndi tsiku loyamba ndi tsiku lotsiriza.

Bambo a Wongani: Zikomo, ndimuwerengera zonsezi madzulo ano.

Limbani: Kwa Chisomo, poti wati Chemistry inkakuvuta, chemical engineering mwina isiye, ngakhale kuti si Chemistry ya ku sekondale yokhayokha monga ambiri amaganizira. Ife timaphunzira kwambiri za kutentha, za kayendedwe ka madzi ndi mpweya m'mapaipi, ndi mmene chinthu chopangidwa m'kabotolo ku labu chingapangidwire m'matanki akuluakulu. Chitsanzo ndi ethanol amene PressCane ku Chikwawa ndi Ethco ku Dwangwa amapanga kuchokera ku molasesi wotsala popanga shuga, n'kumasakanizidwa ndi petulo. Koma iwe mtima wako ndauona uli ku mawaya.

Mayi Nasibeko, Likangala: Ana inu mukungokamba za m'tauni. Ife kuno ku sikimu timalima mpunga, ngalande zikadzaza mchenga madzi safika kumunsi, anthu mpaka kukangana usiku ndi makasu m'manja. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, mu 2018 tinaonanso mabwato atakhala pamatope ku Kachulu. Kodi palibe injiniya wa zimenezi? Kapena ana ophunzira safuna matope?

Yamikani: Alipo mayi. Ku LUANAR, ku Bunda, kuli irrigation engineering ndi agricultural engineering, ndipo a civil a za madzi nawonso amagwira zomwezo. Ngalande yaikulu imene ikukumbidwa ku Chikwawa, yotenga madzi a Shire pa Kapichira kupita nawo m'minda ya kuchigwa, ndi ntchito ya anthu amenewa. Mwanena zoona kuti ana ambiri saiganizira, amaona ngati ulimi ndi wotsika. Ndi kulakwitsa kwakukulu m'dziko lodalira mvula ya miyezi inayi.

Mayi Nasibeko: Ndiye muziwauza anawo. Mdzukulu wanga ali Fomu 2, ndiyamba kumunong'oneza panopa.

Tiyamike: Nkhani ya Kapichira yandikumbutsa chinthu chimene ndikufuna Chisomo amve, chifukwa mwina akuopa kuti akasankha njira imodzi ndiye kuti zina zonse wazitaya. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira, dziko linataya magetsi okwana pafupifupi 130 MW, ndipo tonse tikukumbukira mmene magetsi ankathimira chaka chimenecho. Taona tsono: chimene chinagumuka ndi ntchito ya a civil. Ma turbine amene madzi amazunguza ndi a mechanical. Majenereta, mathiransifoma ndi mawaya onyamula magetsi mpaka ku Chinamwali ndi athu a electrical. Namasupuni ndi zinyalala zimene zimatsekedwa pa baraji ya ku Liwonde kuti zisakafike ku Nkula ndi ku Tedzani, pamenepo pali a makina ndi a za madzi. Babu limodzi likayaka m'nyumba mwanu, anthu onsewa agwirapo. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo za magetsi zikukula. Ku Salima kuli munda wa sola wa 60 MW, ku Golomoti wa 20 MW wokhala ndi mabatire osungira mphamvu. Ku Phombeya ku Balaka kuli siteshoni yaikulu ya 400 kV. Zonsezi zikufuna anthu.

Yamikani: Ngakhale madzi a pampopi wanu Chisomo. Amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, amatsika okha chifukwa cha kutsetsereka. Mamita 10 alionse amene madzi atsika, mphamvu yake m'paipi imakwera ndi muyeso umodzi wotchedwa bar. Tangoganiza kutalika kwa phiri lija. Popanda wina wowerengera pomwe mphamvuyo ichepetsedwe, mapaipi akanamaphulika tsiku lililonse. Tsiku lina ukwere ukalione damulo ndi maso a injiniya, osati a munthu wokajambulitsa.

Che Jafali, Mpondabwino: Salaam, moni nonse. Ine sindinapite ku yunivesite, ndinaphunzira zamagetsi ku Nasawa Technical College konkuno ku Zomba. Ntchito yanga ndi kukulunga mamota a zigayo ndi mapampu. Mota ya chigayo imadya mawaya atatu a magetsi. Waya mmodzi akangothima mwini wake osazindikira, mota imalira mwachilendo, imatentha, kenako waya wa mkati amapsa. Amabwera nayo kwa ine pa ngolo, ndimachotsa waya wopsayo, kuwerenga mipota yake, kukulunga watsopano, kupaka vanishi, kuumitsa. Ndaphunzitsa ana anga onse ndi ntchito imeneyi.

Ndikufuna ndinene ziwiri. Choyamba, mwana akapanda kutengedwa ku yunivesite, dziko silinathe. Njira ya TEVETA ilipo, ndipo ena amayambira kumeneko n'kukwera mpaka dipuloma ndi digiri. Chachiwiri, ndalandirapo ana a ku yunivesite odzaphunzira ntchito pa tchuthi. Ena amafika ndi masamu ambiri m'mutu koma tesita kuigwira ngati njoka. Ena amavula jekete tsiku loyamba n'kufunsa mafunso mpaka ine kutopa, ndipo amandiphunzitsanso chifukwa chimene zinthu zimene ndimachita ndi manja zimayendera choncho. Achiwiriwa ndi amene amapita patali. Mwana wanuyu, mayi, wolumikiza nyale ya agogo ake uja, ndikumuona ngati wa gulu lachiwiri. Abwere ku shopu adzaone mota ili chitsegulire. Akanyansidwa ndi fungo la waya wopsa, adziwiratu fomu isanapite.

Thoko: Maganizo abwino kwambiri Che Jafali. Nanenso ndipempha chilolezo kwa akuluakulu a kuntchito kwathu kuti adzakhale nane tsiku limodzi mu workshop. M'wodi sangalowe, koma makina akufa tili nawo okwanira kuti aone mkati mwake.

Mayi a Chisomo: Bambo ake afika, ndawapatsa foni awerenga zonse. Akufuna alankhule.

Bambo a Chisomo: Moni nonse, ndathokoza chifukwa cha nthawi yanu. Ine sindikukana kuti mwanayu ali ndi mutu. Nkhawa yanga ndi iyi. Ndi mwana wamkazi. Ndikamva zamagetsi ndimaona anthu okwera mapolo mvula ili mkati, ndimaona ngozi. Civil ndimaiona ngati ntchito yoti akhoza kudzatsegula kampani yake, kumajambula mapulani a nyumba ali pa ofesi. Komanso m'banja mwathu palibe anafikapo pamenepa. Sindikufuna tiphonye.

Tiyamike: Bambo, nkhawa yanu ndi ya kholo ndipo ndikuilemekeza. Bambo anga ankanenanso chimodzimodzi. M'kalasi mwathu atsikana tinali ochepa kwambiri, ndipo kuntchito ndinakumanapo ndi anthu ofunsa kuti injiniya ali kuti ine nditaima patsogolo pawo. Zimapweteka, koma zimatha akaona ntchito yako. Za mapolo, amakwera ndi amisiri a mawaya amene anaphunzira zimenezo, ndipo pakati pawo palinso amayi. Ntchito yanga yambiri ndi kuwerengera, kuyeza, kukonza dongosolo loteteza makina kuti pakachitika vuto magetsi adzizimitse okha asanapse zinthu kapena kuvulaza munthu. Ngozi ilipo, n'chifukwa chake lamulo loyamba limene timaphunzira ndi kuzimitsa, kutseka ndi loko, kuyeza, kenako kugwira. Ku site ya a civil nakonso ngozi ilipo, Yamikani anene.

Za kampani yake, wa zamagetsi nayenso amatsegula. Nyumba iliyonse imene wa civil wamanga imafuna mawaya, ndipo oika sola akuchuluka m'midzi. Aliyense mwa ife akamaliza sukulu amalembetsa ku Malawi Engineering Institution, n'kugwira zaka zingapo pansi pa injiniya wamkulu asanayambe kusainira yekha ntchito. Palibe amene amatuluka lero mawa n'kukhala bwana, kaya civil kaya electrical.

Yamikani: Zoona bambo. Ndipo mwanayu wanena yekha kuti kujambula sakukonda. Ku civil zojambula ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, ngakhale pano timajambulira pa kompyuta. Kwa a magetsi ziliko koma ndi za mtundu wina. Ine ndikanakonda atabwera kwathu, atsikana tikuwafuna, koma zimene walemba pano sizikuloza kwa ife.

Bambo a Chisomo: Ndamva. Za makina a kuchipatala zija sanandiuzepo, ndaziwerenga kawiri. Mtima wanga udakali ku civil, sindinama, ndipo ndipempha kuti ikhalepo pa fomupo ngakhale pamunsi. Koma pamwamba alembe yekha. Loweruka ndimuperekeza ndekha kwa Che Jafali, nanenso ndikaone.

Chisomo: Zikomo adadi. Zikomo nonse. Pakati pa electrical ndi biomedical sindinadziwebe choika poyamba, achemwali awiriwa onse andikoka. Ndikaone kaye mamota Loweruka, kenako makina a achemwali a Thoko. Aphunzitsi, ndingabwere ndi chikalata cha NCHE kunyumba kwanu kuti tidzawerengere limodzi magiredi anga?

Aphunzitsi Banda: Bwera Lolemba masana, ubwere ndi chikalatacho ndi zotsatira zako. Amayi ako akudziwa pakhomo.

Bambo a Wongani: Che Jafali, kodi wanga uja angabwerenso Loweruka lomwelo? Za migodizo akaona ku Geological Survey, koma aonenso mamota.

Che Jafali: Abwere onse awiri, 8 koloko m'mawa. Kuli mota ya chigayo ya ku Jali yafika dzulo, sindiitsegula mpaka iwo afike. Avale nsapato zotseka, osati masilipasi, ndipo Chisomo amange tsitsi ndi mpango. Zovala zikhale zoti zikada asadandaule.